Wamva M'mimba Akankhe Patali ndi Mahinjesi

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Palibe wotsutsa. Pakati pa usiku, amene nyemba zam'pandukira sadikira kuti banja likhale pansi n'kusankha komiti. Koma mwambiwu unabadwa pamene zitseko zambiri zinali za bango kapena mapesi. Munthu ankangosolola mpiringidzo, n'kusuntha chitseko chonse kuika pambali, ulendo wa kutchire. Lero chitseko chili pa mahinjesi. Sichinyamulidwa, chimazungulira, ndipo chinthu chozungulira chili ndi malamulo ake amene salabadira kuti m'mimba mwanu zafika pati.

Chitseko sichimva mphamvu yokha, chimamvanso pamene mwagwira. Aphunzitsi a fizikisi amati moment, ena amati torque, ndipo masamu ake ndi aafupi: mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pa mahinjesi. Tengani chitseko cha masentimita 80 mulifupi. Mukakankha kumapeto kwenikweni, cha pamene kalipentala anaika chogwirira, ndi manyutoni 10, mwapanga 8 Nm, kutanthauza manyutoni kuchulukitsa ndi mamita. Manyutoni 10 ndi pafupifupi kulemera kwa paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, ndiye ngakhale agogo atha. Tsono wodwala wathu uja, magetsi atazima, akapapasa mumdima n'kukankha pa masentimita 10 kuchokera pa mahinjesi, afunika manyutoni 80 kuti apeze zomwezo. Kasanu n'katatu! Ndipo tonse tikudziwa kuti munthu wa vuto limeneli si wofunika kumauza kuti alimbe thupi kasanu n'katatu. Mapeto ake amakhala kuchapa m'bandakucha.

Palinso kumene mphamvuyo yaloza. Mukakankha m'mphepete mwa chitseko molunjika ku mahinjesi, ngakhale mutakhala wonyamula matumba a chimanga pamsika, chitseko chimangokuyang'anani, mphamvu yonse yathera mu felemu. Yotembenuza ndi imene yagunda chitseko mopingasa, pa madigiri 90. Ina yonseyo ndi thukuta laulere.

Masamu omwewa mukawatembenuza ndi amene amaliza ana. Chala chikalowa pampata wa kumbali ya mahinjesi, tinene pa masentimita 2, wina n'kukankha kuchogwirira ndi manyutoni 10 aja, pachalapo pamafika manyutoni 400. Kumeneko ndi kulemera kwa makilogalamu 40, thumba la simenti langotsala pang'ono kukwana. Wokankhayo amalumbira kuti anangokhudza chabe, ndipo sakunama.

Amakaniko a m'mphepete mwa msewu zimenezi amazidziwa popanda bolodi ndi choko. Nati ya tayala la lole ikakana, saitana chiphona. Amalowetsa paipi yaitali ku sipanala, n'kuuza kamnyamata kowonda kuti kaime kumapeto kwake. Natiyo imalira kamodzi n'kugonja. Archimedes wa ku Syracuse analongosola lamulo limeneli zaka zoposa 2,200 zapitazo, koma mwana wa pamjigo amene amathamangira kukagwira kunsonga kwa chopopera analitulukira yekha, popanda womupatsa satifiketi.

Kuyambitsa chitseko ndi nkhani ina, kuchiimitsa ndi inanso. Cha pulaiwudi mumachikankha ndi chigongono. Cha mlombwa chimayamba mwaulesi, koma chikangoyenda sichimva za munthu, mpaka chikamenye khoma n'kudzutsa nyumba yonse, ndiye chinsinsi cha wodwala chaululika. Uliuma umenewu Leonhard Euler, katswiri wa masamu wa ku Switzerland, anautcha moment of inertia m'buku lake la 1765 lonena za kayendedwe ka zinthu zolimba. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaterereka, chifukwa amaganiza kuti nkhani ndi makilogalamu basi. Ayi. Nkhani ndi yakuti makilogalamuwo akhala kutali bwanji ndi pozungulirira, ndipo mtundawo umachulukitsidwa ndi iwo wokha. Zitseko ziwiri zolemera mofanana, china n'kukhala chotambalala kawiri, chotambalalacho uliuma wake ndi wa kanayi. Funsani mlonda amene amatsegula geti ya galimoto abwana akuliza hutala panja.

Uliumawu si woipa nthawi zonse. Pitani ku chigayo cha dizilo muone gudumu lolemera lija la pambali pa injini. Chitsulo chake chambiri anachiika dala m'mphepete. Injini ya silinda imodzi ya masitiroko anayi imakankha kamodzi kokha pa kuzungulira kuwiri kulikonse, ndipo pakati ponsepo ndi gudumulo limene limasenza ntchito. N'chifukwa chake wachigayo akazimitsa injini, gudumu limapitirizabe kuzungulira kwa kanthawi ngati silinamve kuti anthu aweruka.

Amene ali ndi mpando wozungulira ku ofesi, abwana akapita ku semina, ayese izi. Khalani pampando, tambasulani manja mutagwira mabotolo awiri a madzi, mnzanu akuzungulitseni. Kenako kokerani manja pachifuwa. Liwiro likwera lokha popanda wokukankhani. Mwachepetsa moment of inertia, ndipo popeza angular momentum yanu, yomwe ndi moment of inertia kuchulukitsa ndi liwiro lozungulira, sisintha pakapanda chokupotozani kuchokera kunja, liwiro ndilo limalipira. Ovina pa madzi oundana amene timawaona pa TV amachita zomwezo. Dziko lenilenili nalonso limamvera lamuloli. Asayansi a NASA anawerengera kuti madzi odzaza damu la Three Gorges ku China, pokwezedwa pamwamba, amatalikitsa tsiku ndi mamaikulosekondi 0.06. Maikulosekondi ndi sekondi yogawidwa ka miliyoni. Ochedwa ku ntchito asasangalale, chifukwa ichi sichikwanira ngakhale kuphethira.

Chimene chasokoneza mwambi wathu kwambiri ndi zitseko za masiku ano. M'mashopu akuluakulu muli zagalasi zotseguka zokha, zimene zimatsegukira aliyense, wamva m'mimba ndi wongobwera kudzaona mitengo ya zinthu. Zimenezo tizisiye, poti sizizungulira n'komwe. Koma pali chitseko chozungulira cha m'mahotela ndi m'mabwalo a ndege, chimene Theophilus Van Kannel wa ku Philadelphia analembetsa umwini wake mu 1888. Chija chosakhala ndi injini chimaonetsa khalidwe la anthu poyera. Wofulumira ndiye amakankha, enawo amangoyenda m'zipinda zawo manja ali m'thumba, n'kutuluka mbali inayo osathokoza. Chitseko chonse ndi chinthu chimodzi cholimba, ndiye mbali zake zonse zimatembenuka madigiri ofanana pa nthawi yofanana. Simungapitirire amene ali kutsogolo kwanu, ndipo mukawonjezera mphamvu mopsa mtima, galasi limakamenya chidendene cha munthu amene simukumudziwa.

Inu a Fomu 4 amene mukudikira mayeso a MSCE, musaloweze masamuwa ngati nyimbo ya kwaya. Chitseko muli nacho pakhomo. Chikankheni ndi chala chimodzi pachogwirira, kenako pakati, kenako pafupi ndi mahinjesi, makolo asanabwere kudzafunsa ngati mutu uli bwino. Polemba, sinthani masentimita akhale mamita musanachulukitse, ndipo yankho lanu lithere ndi Nm. Wochonga mapepala sapereka malikisi pa nambala yopanda dzina.