Kusaka sushi ku Rumphi

Mphwanga amakhala ku Düsseldorf, mzinda wa ku Germany umene muli anthu ambiri a ku Japan. Akaimba foni safunsa za mvula. Amangodandaula kuti chakudya chenicheni cha Chijapani n'chovuta kupeza. Akuti malesitilanti ambiri ku Ulaya amalemba Japan pakhomo, koma kukhitchini kuli anthu a ku China kapena Vietnam. Ngakhale wasabi, kobiriwira kowawa kaja, akuti kawirikawiri ndi muzu wina wothiridwa utoto. Ine ndinati pepa mphwanga, limba mtima. Tsiku limenelo kwathu kunalibe mchere.

Koma nsanje ilibe manyazi. Ndinati ngati mwana wa dzana akusaka ku Ulaya, ine ndisaka konkuno. Zifukwa ndinali nazo. Pa depoti ya Rumphi galimoto ndi za ku Japan zokhazokha: Sienta, Probox, ndi maminibasi omwe akadali ndi zilembo zakwawo m'nthiti. Komanso achinyamata odzipereka a ku Japan akhala akubwera m'dziko muno kuyambira 1971. Anthuwo sadya mphepo. Penapake anasiyapo mphika.

Mphwanga anandipatsa zizindikiro za malo enieni: zakudya zikhale zochepa, wophika asamangosekerera, ndipo eni dziko azidya momwemo. Kuseri kwa msika ndinapeza malo okwanitsa zonse. Ndiwo zinali ziwiri, nyemba za lero ndi nyemba za dzulo. Mayi wophika analibe nthawi ya mano. Eni dziko anali mbwee, alimi a fodya a ku Bolero ndi ku Mhuju. Nditatchula sushi, mayiyo anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Adada, pano pali sima pera."

Ndinadya nsimayo, poti ndinali nditasamba kale m'manja.

Apa ndinaona kuti Japan ndimumanga ndekha. Sushi, malinga ndi mphwanga, ndi mpunga wothira viniga, pamwamba n'kuikapo nsomba yosaona moto. Mpunga wa Kilombero ulipo, Karonga si patali. Nsomba ndinakaitsata ku Chiweta, m'Sienta yomwe eni ake anaipangira anthu 7 koma ife tinaiphunzitsa masamu ena. Potsika zitunda zija bondo la munthu wina linali m'nthiti mwanga, koma ndinapirira, pakuti chitukuko chimafuna kudzipereka. Ndinagula batala wonona. Viniga ndinapempha kwa mnyamata wa chiwaya. M'malo mwa wasabi ndinasinja kambuzi, ndipo timitengo todyera ndinasema ku nsungwi ya nkhokwe.

Nditakhala pakhonde ndi mbale yanga, mayi a kunyumba anaima manja m'chiuno.

"Bambo a ana, nkhuni zilipo, mafuta alipo. Mukulanga ndani?"

Ndinawauza kuti umu ndi mmene amadyera anthu opanga Toyota. Iwo anati anthuwo apitirize kupanga Toyota.

Timitengo tinandikana poyera. Mpunga unkanyamuka bwinobwino, koma usanafike pakamwa unkasintha maganizo. Nkhuku ndizo zinadya Chijapani tsiku limenelo. Nthuli ya batala itafika pa lilime, m'mimba munachitika msonkhano wadzidzidzi, kambuzi n'kukhala wapampando. Misozi ili chuchuchu ndinauza ana kuti n'chokoma. Wamng'ono anathamanga kukaitana aneba.

Tsopano mudzi wonse ukudziwa kuti ndinapita kunyanja mbandakucha, ndinabwerako ndi nsomba, n'kuidya yaiwisi ndi timitengo tiwiri uku ndikulira. Palibe akukhulupirira za Japan. Akuti ndi chizimba cha chuma chimene anandiuza sing'anga. Ena ayamba kundipatsa moni ndi manja awiri, wina wabwera kale kudzabwereka ndalama ya feteleza. Wa golosale wasiya kundikongoza, akuti olemera amalipira.

Akuluakulu a mpingo atumiza uthenga kuti abwera Lamlungu tikaweruka. Mayi a kunyumba ati tiwaphere nkhuku, ndipo ine ndisayandikire kukhitchini mpaka ipse.