Ulemu kwa galimoto yodziwa kuima

Anthu a ku Moatize ndi osayamika. Galimoto ya magetsi ya amalume anga akhala akuinena kuyambira tsiku limene inatsitsidwa pa lole, ndipo ine ndatopa kumva chinthu chabwino chikunyozedwa pabawo ndi m'machapa. Ndiye ndiloleni ndiiyankhulire, poti iyo siyankhula. Ngakhale kutsokomola komwe m'mawa, ngati zinzake za dizilo, siidziwa.

Ntchito yake yabwino inaiyamba isanafike. Amalume analipira mu Febuluwale atalonjezedwa masabata 8. Galimoto inafika mu Okutobala. Pakati apa munthu uja anasinthika. Amene kale ankadzuka ndi kukalipira antchito anayamba kudzuka ndi foni m'manja, kuyang'ana kadontho ka sitima pamapu a nyanja. Anadziwa komwe kuli Singapore. Anadziwa kuti sitima yopita ku Beira ikhoza kuyamba yakaona anzake ku Durban. Itafika padoko, mapepala anagona, ndipo amalume, amene sanatchulepo munthu wocheperapo kuti bwana, ndinawamva ndi makutu angawa akuuza despachante, wokonza mapepala a katundu padoko, wa msinkhu wa mwana wawo kuti, "Bwana wanga, sitampu yotsalayo ndi iti?" Abusa analephera kuwaphunzitsa kudzichepetsa kwa zaka 20. Galimoto inawaphunzitsa ili m'kontena. Agogo ku Zóbuè ankangoti, "Imeneyo ndi mimba, mwananga. Idikire, ibadwa yokha."

Liwiro lake ndi loona, musamve za ansanje. Imachoka poima n'kufika makilomita 100 pa ola masekondi 4 asanakwane. Ndinalimo tsiku limene tinayesa, titangotuluka m'tauni pamsewu wa EN7. Mutu unamatirira kumpando, m'mimba munatsalira kumbuyo, ndipo sekondi yachisanu inali ya mbuzi. Mbuziyo sinathawe. Ithawa chiyani? Mbuzi za kuno zinakulira m'phokoso la malole opita ku Malawi, ndipo chinthu chobwera mwakachetechete zimachiyesa mthunzi wa mtambo. Inatiyang'ana, n'kumaliza kutafuna pepala lake, kenako n'kudutsa monga mwini msewu.

Kuyambira tsiku limenelo mphamvu zonsezo galimoto imazisunga mumtima, monga amachitira anthu olemekezeka. Batire yake ili pansi, yoyalidwa ngati mphasa kuchokera kumateyala akutsogolo mpaka akumbuyo, ndipo pakati pa iyo ndi nthaka n'kovuta kulowetsa chikhatho choimika. Kulemera kwake n'kopitirira matani awiri. Choncho dzenje lililonse amalume amalifikira mwaulemu, chammbali, ngati mkamwini akulowa pabwalo la apongozi. Amadziwa maenje onse kuyambira pamlatho wa Revúbuè mpaka ku Mussacama, ena anawapatsa ndi mayina. Tsiku lina tinapitidwa ndi mnyamata wa njinga atasenza matumba atatu a makala. Anatiimbira belu. Ndi galimoto iti ina imene ingapatse wogulitsa makala nkhani yokafotokoza kwawo chaka chathunthu?

Amakaniko nawo yawapumitsa ku machimo. Wa kufupi ndi kwathu, amene injini iliyonse amaipezera matenda atatu mwiniwake asanatsike, anatsegula boneti n'kupezamo dzenje loikamo chikwama. Mulibe oyilo woti asinthe, mapulagi mulibe, lamba wa fani mulibenso. Anavula chipewa, n'kutsekanso mwakachetechete ngati pamaliro. N'zoona kuti tsiku limene idzadwale palibe wochiza kuno, koma bola sanamizidwa.

Ena amati n'zachabe kukhala ndi galimoto yopanda utsi m'tauni ya malasha. Ine ndimati apa ndi pomwe imaonetsa khalidwe. Malasha akhala akutuluka kuno mochuluka kuyambira 2011, ndipo masiku ano sitima zapamtunda zimawanyamula makilomita opitirira 900, kudutsa m'Malawi, mpaka ku Nacala. Otsala ndife ndi fumbi. Galimoto ya amalume inabwera yoyera ngati ufa woyera, koma sinadzipatule. Usiku umodzi wokha panja, m'mawa imadzuka itavala zakuda monga zovala zathu zapachingwe, monga masamba a mango athu. Ana amalembapo mayina awo ndi chala. Amalume amanenanso kuti ndi mwana wobwerera kwawo, poti mwala wa graphite umene umalowa m'mabatire otere umakumbidwanso ku Balama, m'chigawo cha Cabo Delgado, ndipo mu 2021 kampani ya Tesla inasainirana ndi Syrah Resources kuti izigula graphite wa kumeneko akakonzedwa ku Louisiana. Kaya m'batire yawoyo muli kadothi ka kwathu, kaya mulibe, amalume akamanena zimenezi amaimirira.

Koma ulemu waukulu ndi wa kadyedwe kake. Galimoto iyi imadya pang'onopang'ono ngati mlendo waulemu. Batire yake imasunga pafupifupi mayuniti 80, pamene soketi ya m'nyumba imapereka mayuniti awiri ndi kanthu pa ola. Werengani nokha: tsiku ndi theka ili pachingwe, magetsi akapanda kuthima. Ndipo tikukhala m'chigawo chimene muli damu la Cahora Bassa! Damu la ku Songoli lili ndi mphamvu ya mamegawati 2,075, ndipo gawo lalikulu limayenda pa nthambo makilomita 1,400 kukatsikira ku Apollo, kufupi ndi Pretoria. Kale amalume izi sizinkawakhudza. Lero akamagula magetsi a Credelec kawiri pa sabata amayang'ana chakumadzulo n'kupukusa mutu. Munthu amene nyuzipepala ankaigwiritsa ntchito yokutira nsomba wasanduka katswiri wa nkhani za dziko.

Amene amaitamanda koposa onse ndi akazi awo. Poyamba anada nkhawa atamva kuti galimoto imatha kulowa pageti pakati pa usiku ngakhale galu osadzuka. Kenako mwana wawo wamkazi anawaikira pa foni kapulogalamu koonetsa pomwe galimoto yaima, ndi nthawi imene yaimapo. Komanso usiku uliwonse iyenera kugona pakhomo, pachingwe chake. Misonkhano ya madzulo ku Tete inatha yokha. "Bambo a kunyumba masiku ano amadya nsima yotentha," anandiuza choncho akuseka, uku akuipukuta fumbi ndi chitenje chawo chatsopano.

Tsopano ya ku Zóbuè. Kuchokera ku Moatize ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo msewu umakwera kuchoka m'chigwa cha Zambezi kupita kumapiri a m'malire ndi Mwanza. Mu Novembala, dzuwa lili pa madigiri opitirira 40, tinanyamuka kukaona agogo. Magetsi anali atathima usiku, ndiye batire sinafike n'theka lomwe. Amalume anati, "Mphwanga, ikwana. Pobwerera n'kotsika, ndipo potsika imadzidyetsa yokha." Apa sananame, mabuleki ake amabwezeradi kamoto m'batire. Koma chitunda chimadya zambiri kuposa zimene chitsikira chimabweza. Tisanafike pakati anazimitsa choziziritsa mpweya. Patsogolo pang'ono anazimitsa wailesi. Titayamba kukwera anandiyang'ana m'njira imene inandiuza kuti akuwerengera kulemera kwanga.

Tinafika nambala ya pagalasi itafiira. Anyamata ogulitsa petulo wa m'zigubu, omwe malonda awo amatentha mafuta akasowa ku Malawi, anatithamangira ndi mafanelo, n'kuzungulira galimoto yonse kufuna pothira. Kwa agogo kuli kasola kokwanira foni ndi babu limodzi. Tinakagwada kwa mwini golosale wina, amene anavomera kuzula filiji yake pokhapokha amalume atagula zonse zimene zinalimo. Madzulo amenewo mudzi wonse unamwa Frozy wofunda, ndipo nkhuku zimene zinayamba kusungunuka zinaphikidwa m'miphika inayi. Abale amene anabwera ndi matumba a mbatata ya kachewere kuti tiwanyamulire anauzidwa kuti katundu amadya batire. Anabwerera osakwiya, poti chifukwa chinali chachizungu.

Tinagona masiku awiri. Amalume, amene kwa zaka zambiri ankafika kwa mayi awo injini ili chilirire, kupereka moni ndi thumba la shuga ali chiimire, anakhala pamphasa. Anamva nkhani zonse za malire a munda. Anapita kumanda a bambo awo. Usiku wachiwiri ndinawamva akuseka kukhitchini ndi mawu amene sindinkawadziwa.

M'mawa wonyamuka, amalume akupinda chingwe kugolosale kuja, agogo anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Anandipatsa nthochi ziwiri, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Mdzukulu wanga," anatero monong'ona, "ulendo wina mukamabwera, chingwe chijachi ukachizula usiku iwo ali mtulo, angagone kuno masiku angati?"