Kupatsa Nkuika? Funsani Obwereketsa Mabuku

Kuzizira kwa June ndi July kukagwira Lilongwe, Mtandire amalowa m'nyumba msanga. Bawo limatha dzuwa lisanalowe, ligi ya ku England imakhala pa tchuthi mpaka August, ndipo magetsi akathima munthu amatsala ndi bulangeti, mbaula ndi tochi ya foni. Apa m'pamene okonda kuwerenga amakoka katoni kunsi kwa bedi. Chaka chino ambiri apezamo Baibulo, buku la nyimbo ndi malisiti akale. Mabuku enawo ali kwa anthu.

Akuluakulu adati kupatsa nkuika. Zikuoneka kuti amanena za chimanga, sadabwereketsepo buku.

Titenge Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Limatuluka pakhomo mwaulemu wonse: "Ankolo, mundibwerekeko, ndibweza Lolemba." Mnyamatayo sanena kuti Lolemba la mwezi uti. Akawerenga mpaka pakati, amalipereka kwa bwenzi lake ku Mgona kuti aoneke wozindikira. Chikuto chimatsala m'minibasi ya ku Area 25. Msuweni wa mtsikanayo amapita nalo ku Chinsapo, komwe tsamba loyamba limayatsira mbaula m'mawa wina wozizira, lomaliza n'kukulungira mandasi. Likamafika ku Kawale limapeza munthu wachifundo amene amalikuta ndi nyuzipepala, kulimata ndi phala, n'kulembapo dzina lake ndi bolopeni yofiira. Kuyambira tsikulo ndi lake, ndipo akalibwereketsa amachenjeza mwaukali kuti lisasowe.

Mwini wake akakumana ndi mnyamata uja pa siteji amayamba mozungulira: za kuzizira, za mtengo wa makala, kenako, "Nanga buku lija?" Yankho ndi limodzi dziko lonse: "Liti, ankolo?" M'nkhani ya Gwengweyo muli mbalame youlula mlandu. Buku losowa lilibe mbalame. Mwina patapita zaka lidzaoneka pansi pa khonde la sitolo pafupi ndi msika waukulu wa Lilongwe, pakati pa mabuku a James Hadley Chase ndi mapepala a mayeso akale a MSCE, wogulitsa akulumbira kuti ndi losowa kwambiri. Pamenepo sakunama.

Komabe amene amaseka mwambi uja wa kupatsa nkuika aiwala February 2017, pamene mtsinje wa Lingadzi udasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Mtandire. Katoni ya kunsi kwa bedi siidziwa kusambira. Buku lomwe mwini wake adaliumira lidasanduka matope pamodzi ndi makope a ana, pomwe lija lidapita ku Kawale linali louma, likuwerengedwa. Ngakhale popanda chigumula, chiswe ndi mphemvu zimakonda buku lomwe silitsegulidwa.

Palinso nkhani ya ndalama. Likulu la National Library Service lili ku City Centre, ndipo banja lowerengera makobidi a ndiwo silingalipirire mwana minibasi kapena kabaza wopita ndi kubwera chifukwa cha nthano. Mufunse aliyense amene adawerenga Madzi Akatayika kapena Njala Bwana a Willie Zingani ngati adagula yekha. Kawirikawiri adzatchula mchimwene wake, mnzake wa m'kalasi kapena aneba ena omwe mpaka lero akudikirabe. William Kamkwamba wa ku Wimbe naye makina ake a mphepo adawayambira pa buku lobwereka. Kunena zoona, wobwereka wosabweza ndi wokwiyitsa, koma ndi iyeyo amene wafikitsa alembi athu m'nyumba zomwe wogulitsa mabuku sadapondemo.

Achinyamata akuti vutoli lidatha, poti masiku ano buku limabwera pa WhatsApp ndipo wopatsa amatsala nalo. Zoona. Koma nkhani ikafika pokoma batire imafa, magetsi kulibe, ndipo cha m'ma 9 koloko usiku pamamveka kugogoda pachitseko. Ndi mnyamata yemwe uja, wadzikulunga chitenje cha mayi ake, akupempha pawa banki.