Kodi Akupha Achule Ndani?

Ndithandizeni abale, nkhani ya achule yandizunguza mutu.

Akuti mu June 2005, m'tauni ya Odžaci ku Serbia, tiachule tinagwa kuchokera kumwamba n'kudzaza misewu. Mu 2009, ku Ishikawa m'dziko la Japan, anthu anapeza mbululu zili mbwee pamagalimoto. Odziwa zanyengo amati ndi kamvuluvulu wamphamvu amene akadutsa padziwe amayamwa madzi ndi zonse zili momwemo n'kukazitaya kutali. Chabwino. Nanga bwanji amatola achule okha? Matope ndi nkhono amazisiya kuti? Ena amati achulewo sagwa n'komwe, amakhala ali m'nthaka momwemo ndipo mvula imangowadzutsa, ngati finye amene chilimwe chonse saoneka koma mvula yoyamba ikangogwa, uyu ali pakhomo. Yankho limeneli limandigwira mtima, ngakhale silindiuza mmene mbululu zinakwerera pagalimoto.

Koma ya achule akufa ndiyo ikundisowetsa mtendere.

Ku Australia kuli achule obiriwira amene amakhala ndi anthu, m'mipope ya madzi, m'mabokosi a makalata, ngakhale m'zimbudzi. M'nyengo yozizira ya 2021, anthu a kum'mawa kwa dzikolo anayamba kuwapeza pabwalo dzuwa likuswa mtengo, pamene chule ndi woyenda usiku. Ankangokhala duu, osathawa munthu, kumimba kuli psuu. Kenako ankapezeka atafa, atauma gwa, kubiriwira kuja kutasanduka kuderako. Jodi Rowley wa ku Australian Museum ndi anzake analandira madandaulo ankhaninkhani. Popeza inali nthawi ya Covid-19 ndipo kuyenda kunali kovuta, anthu ankasunga mitembo ya achule m'mafiriji kudikira kuti akatswiri adzaitenge. Munthu kuika chule wakufa pafupi ndi ndiwo zake! Ndiye kuti zinawakhudza ndithu.

Atawapima, ambiri anapezeka ndi kachirombo ka mtundu wa chuku kotchedwa chytrid. Chuletu samwa madzi ndi pakamwa, amamwera pakhungu, ndipo khungu lomwelo limamuthandiza kupuma. Kachiromboka kamawononga khungulo, mchere wa m'thupi n'kusokonekera mpaka mtima kuima. Apa ndamva. Koma kachirombo kameneka kakhala kali ku Australia kuyambira cha m'ma 1970. Nanga chinasintha n'chiyani mu 2021? Kuzizira kodi? Chaka chilichonse sikuzizira? Ndipo achule ena akufawo analibe kachiromboka, awo anafa ndi chiyani? M'matupi mwa ena munapezeka mankhwala ophera tizilombo. Ndiwo anawapha, kapena anangowafooketsa kuti matenda apeze polowera? Ngati mankhwala akulowa mwa chule amene wangokhala pakapinga, ali pati mankhwalawo, m'madzi kapena m'dothi?

Ku England nako zinachitika. Anthu okhala ndi timaiwe kuseri kwa nyumba ankadzuka n'kupeza achule ali lambalamba, zilonda thupi lonse, ena akutuluka magazi. Mu 1992 akatswiri a Zoological Society of London ndi anzawo anayamba kusonkhanitsa malipoti a anthu wamba, ndipo anapeza kuti ambiri ankafa ndi kachirombo ka ranavirus. Kanafikako bwanji? Amaganizira nsomba ndi achule ogula kunja. Ndiye kuti munthu wokonda chilengedwe, pofuna kukongoletsa dziwe lake, akhoza kubweretsa imfa osadziwa?

Chimene ndaona n'chakuti konseku nkhani inadziwika chifukwa munthu anawerama, kuyang'ana chule wakufa, n'kukauza wina amene analemba. Kwathu kuno chule wakufa timangomukankhira kutchire ndi kamtengo. Nditapeza khumi atafera m'dimba m'mawa umodzi, ndingakauze ndani? Alangizi a zaulimi? A zaumoyo? Kodi angabwere kudzaona, kapena angandifunse ngati ndilibe ntchito ina?