Kasungidwe ka laibulale yaulere kuti isathe ndi kuwerengedwa

Tsiku lina, a hedi, galimoto ya bungwe idzaima pansi pa mtengo wa kesha pafupi ndi ofesi yanu, ndipo mudzasainira katoni. Mkatimo mudzapeza kabokosi kochepa kuposa buku la rejisitala, pamodzi ndi matabuleti angapo kapena makompyuta akale okonzedwanso. Obweretsawo adzakuuzani, nkhope zili mwee, kuti m'kabokosimo muli mabuku masauzande, mavidiyo a masamu ndi sayansi, ngakhalenso Wikipedia, ndipo kuti zonsezo n'zaulere. Mtima usagunde. Anzanu ena zidawaonekera zomwezi, koma adalimba mtima, ndipo mpaka lero katundu wawo akadali watsopano.

Muyambe mwadziwa chimene mwalandira. Mwina ndi RACHEL, kabokosi ka bungwe la World Possible la ku America. Mwina ndi kompyuta yoikidwa Kolibri, pulogalamu ya Learning Equality, kapena Kiwix, imene imanyamula Wikipedia n'kuiwerengetsa popanda intaneti. Kuipa kwa zipangizo zimenezi n'kumodzi: kabokosiko kamaulutsa Wi-Fi yakeyake, moti foni kapena tabuleti iliyonse imene ili pafupi imalowa m'mabukumo popanda bandulo, popanda nsanja ya Airtel kapena TNM. Apa ndiye kuti akulandani chifukwa chabwino kwambiri chimene mudali nacho. Komabe chifukwa sichifa ngati anthu sadziwa kuti chafa. Aliyense wofunsa muzimuyankha kuti, “Kunotu netiweki imavuta.” Palibe Mmalawi amene angakutsutseni pa mawu amenewa.

Za magetsi musavutike nazo. N'zoona kuti kabokosiko sikadya moto wambiri, ndipo kawirikawiri kamabwera ndi sola yake. Koma pasukulu pali mafoni a aphunzitsi, a akazi awo, a mlonda, ndi a anthu a m'mudzi amene angamapereke kangachepe kothandizira chitukuko. Mafoni akakhuta, batire likatsalako, kabokosi nakonso kadzalawa.

Mwambo wotsegulira ndiwo musauchite mwachibwana, chifukwa ndi tsiku lokhalo limene laibulaleyi idzagwire ntchito yake yeniyeni, yojambulidwa. Itanani a gulupu, a PEA, a komiti ya sukulu, a PTA ndi amayi a m'gulu losamalira atsikana. Pakhale kwaya, ndakatulo yotamanda luso lamakono, ndi riboni. Sankhani ana asanu ndi mmodzi a yunifolomu yosang'ambika, ovala nsapato, atatu anyamata atatu atsikana, pakuti abwenzi otithandiza amawerenga mitu pachithunzi. Mwana aliyense aike chala pagalasi la tabuleti, akamwetulire, mphunzitsi atawerama kumbuyo kwake ngati akulozera kanthu. Tabuletiyo kaya ndi yoyaka kaya yozima zilibe kanthu. Padzuwa la masana sizioneka. Alendo akangokwera galimoto, fumbi lisanatsike n'komwe, ana abweze katundu wa eni.

Kuchokera apo, laibulale muzisunga monga amayi amasungira mbale za alendo: m'kabati, pamwamba, zofundidwa kansalu, zotsika pokhapokha kukabwera anthu olemekezeka. Chipinda chikhale ndi loko, ndipo kiyi akhale mmodzi. Kiyi ameneyu musampatse mphunzitsi wokhala m'nyumba za pasukulu, chifukwa ana amadziwa khomo lake ndipo adzayamba kugogoda Loweruka. Mpatseni wochokera kutali panjinga, amene mvula ikagwa sawoloka mtsinje, ndipo mwezi ukatha amakhala masiku awiri kuboma pamzere wa kubanki. Pasiwedi nayo ikhale m'mutu mwa munthu mmodzi, makamaka amene adalemba kale kalata yopempha kusamutsidwa. Tsiku limene adzakweze katundu wake palole, laibulale yonse idzakwera naye, kabokosi kali phee m'kabati mwanu. Pamenepo mudzakhala ndi yankho lokhalitsa zaka: “Amene ankazidziwa adapita.”

Bungwe likaitanitsa aphunzitsi awiri ku maphunziro a kagwiritsidwe ntchito kake, kumbukirani kuti nkhani apa ndi alawansi, ndipo alawansi imayenda mwa chilungamo, motsatana. Apite amene nthawi yawo yakwana, ngakhale atakhala oti apuma pantchito chaka chamawa, ngakhale foni yawo ili ya mabatani. Akabwerako musawavutitse ndi zoti aphunzitse anzawo. Kunena m'sitafu rumu kuti “zinali bwino, ndipo chakudya chinali chokwanira” ndi lipoti lathunthu.

Tsopano ana. Lolemba pa asembule imikani tabuleti m'mwamba, mutchule mtengo wake pang'onopang'ono, kawiri, kenaka munene kuti woswa galasi makolo ake adzalipira. Mwana amene mayi ake amagulitsa tomato pamsika amadziwa masamu kuposa mmene timamuganizira. Adzawerengetsa mabeseni a tomato m'mutu, ndipo manja adzawaika kumbuyo. Mukatero simudzafunikanso kuletsa aliyense.

Pa ndandanda ya maphunziro laibulale isapezekepo. A PEA akaumirira, iikeni Lachisanu piriyodi yomaliza, nthawi imene ana amatchetcha bwalo ndi kukolopa. Wina adzabwera ndi nzeru yoti kalasi ya ana 100 itha kugawidwa m'magulu, gulu lina likugwira matabuleti khumi pamene ena akulemba, mawa n'kusinthana. Adzakuuzani kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu za pulogalamu ya BEFIT, imene boma lidayamba mu 2023, amalandizana matabuleti motere tsiku ndi tsiku. Muyankheni modekha kuti inu simukonda tsankho. Ngati matabuleti sakwanira ana onse nthawi imodzi, chilungamo n'chakuti asagwire aliyense. Zikakanika ndithu, tsegulani chitseko n'kunena kuti woyamba kulowa ndiye akhale. Anyamata akuluakulu a kumbuyo adzadzaza mipando yonse, atsikana akadali panja kubweza matsache, ndipo pakutha pa teremu mudzalemba ndi mtima woyera kuti atsikana alibe chidwi ndi zamakono.

Chinthu choopsa kwambiri m'laibulale zimenezi, kwa ine, ndi timabuku ta ana ang'onoang'ono. African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa, ili ndi nthano za zithunzi m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chili momwemo. StoryWeaver ya Pratham Books ku India, Bloom Library ya SIL ndi Global Digital Library imene idayambitsidwa ndi thandizo la dziko la Norway zimachitanso chimodzimodzi. Timabuku tambiri tidasanjidwa mwa makwerero, kuyambira ka chiganizo chimodzi patsamba mpaka ka ndime zathunthu, kuti mwana azikwera pang'onopang'ono osazindikira. Choipitsitsa n'chakuti eni ake adaika chilolezo cha Creative Commons, kutanthauza kuti mphunzitsi wanu atha kusindikiza kabukuko, kukamasulira m'Chiyao kapena m'Chitumbuka, ngakhale kulemba kake ka mwana wopita kukagula usipa kudoko, popanda kulipira munthu. Taganizani mwana wa Sitandade 2 atawerenga yekha nkhani yonse mpaka kumapeto, m'chilankhulo chimene amalotera. Mawa adzafuna ina. Mkuja adzabwera ndi mng'ono wake. Chipinda chanu chija chidzayamba kununkha thukuta.

Mankhwala ake alipo awiri. Oyamba ndi lamulo lija lakuti pasukulu pano timalankhula Chingerezi chokha. Likulitseni lifike ndi pa zowerenga. Achiwiri ndi amphamvu koposa. Project Gutenberg, imene idayamba mu 1971, ili ndi mabuku oposa 70,000, ambiri mwa iwo akalekale oti umwini wa olemba udatha. Tsegulani limodzi la Charles Dickens, lonenepa bwino, mumpatse mwana amene akulimbana ndi “the” ndi “they”. Mpatseni mphindi khumi. Akayamba kuyasamula, itanani a deputi adzaone okha kuti ana a masiku ano alibe chikhalidwe chowerenga.

Ku sekondale, makamaka ku CDSS kumene labu kulibe, samalani ndi PhET. Izi ndi zoyeserera za sayansi za ku University of Colorado Boulder, zimene adayambitsa mu 2002 Carl Wieman, katswiri amene adalandira mphoto ya Nobel. Mwana amakoka batire pagalasi ndi chala, n'kulumikiza waya, n'kuika babu, babulo n'kuyaka. Akawonjezera mabatire limawala kwambiri. Akalumikiza waya molunjika osadutsa pa babu, moto umabuka pagalasipo, iye n'kudzidzimuka, anzake n'kuseka. Kenaka amafunsa kuti, “Sala, n'chifukwa chiyani?” Funso limeneli limadya nthawi, ndipo nthawi zina limafika pamene mphunzitsi sadakonzekere. Njira yabwino n'njakuti mphunzitsi aonere yekha zoyesererazo mu ofesi, ajambule chithunzi chake pabolodi ndi choko, ana akopere m'makope. Ukadaulo wagwiritsidwa ntchito, ndipo manotsi sadasokonezeke.

Muphunzitsenso ana a Fomu 4 funso limodzi loti azifunsa chilichonse chisanatsegulidwe: “Kodi zimenezi zibwera pa MANEB?” Mavidiyo a Khan Academy sadapangidwe motsata silabasi ya ku Domasi, izi n'zoona, ndipo mabuku a OpenStax a ku Rice University adalembedwera ophunzira a ku America. Kuti zithandize, pamafunika mphunzitsi wa masamu akhale pansi masana amodzi ndi silabasi kudzanja lamanzere, aonere mavidiyo, alembe papepala kuti mutu wakuti wa Fomu 3 ukugwirizana ndi vidiyo yakuti, pepalalo alimate pakhoma. Ntchito yonse ya laibulale ya mtundu uwu yagona pa kapepala kameneka. Udindo wanu ndi kuonetsetsa kuti masana amenewo asapezeke. Misonkhano ilipo yambiri: wa mwambo, wa maliro, wa banki m'khonde ya aphunzitsi. Popanda kapepalako mwana adzalowa m'mabuku masauzande ngati mlendo, adzazungulirazungulira, ndipo adzathera pa tsamba la Wikipedia la timu ya mpira ya ku England. Mukamupeza pamenepo mwapeza umboni woti zinthuzi zikuwononga ana.

Mukafuna kuoneka otsogola, perekani ntchito ya “kafukufuku”. Musawauze ana kuti afotokoze m'mawu awoawo, kapena kuti anene kumene azitenga. Wokopera ndime zambiri ndiye apate malikisi ambiri. Ndi kukopera manotsi komwe kuja, kungoti bolodi lasanduka lagalasi.

Pali anthu awiri amene angakuwonongereni dongosolo lonseli. Woyamba ndi mphunzitsi wachitsikana wongochoka kumene ku TTC, amene sadaphunzire kuti zinthu pano timazichita bwanji. Ameneyu adzabwereka kiyi “kwa kanthawi”, adzatulutsa kabokosi n'kukaika pampando pansi pa mtengo, ndipo pofika sabata yachitatu ana ake a Sitandade 3 adzakhala akulimbirana kuwerenga mokweza. Musamukalipire, angakanene. Muyamikireni pamaso pa anzake, kenaka mumpatse netibolo, kwaya, phala la ana ndi kalasi ya mnzake amene ali patchuthi cha uchembere. Khama limatha lokha likapatsidwa malo okwanira.

Wachiwiri ndi mwana. Pasukulu iliyonse pamakhala mmodzi, nthawi zambiri wosalankhulalankhula, amene adzatulukire kuti ataima kuseri kwa zenera la chipinda chokiyacho ndi foni ya malume ake, mabuku onse akutseguka. Adzauza anzake, ndipo madzulo mudzaona kagulu katatsamira khoma, mitu ili pamodzi. Malamulo a sukulu ali mbali yanu: landani foniyo. Kenaka muzionetsetsa kuti kabokosi kazimitsidwa ana akaweruka, Loweruka ndi Lamlungu, ndi tchuthi chonse, kuti kapume.

Chatsala ndi lipoti. Chenjerani, Kolibri imasunga mbiri ya amene adalowa, zimene adatsegula ndi pamene adalekezera, choncho nkhani ya pasiwedi yotayika ija muigwiritsitse. Alendo muziwaonetsa buku la pamanja lolembamo ogwiritsa ntchito chipindacho. Mapulifekiti awiri atha kulidzaza usiku umodzi, bola asinthesinthe zolembera, ina yabuluu ina yakuda, ndipo asalembe tsiku la Lamlungu. M'mawa wa tsiku la alendo pukutani fumbi, chotsani zisa za mavu kuseri kwa kabati, ndipo itanani ana asanu ndi mmodzi aja, ngati nsapato zikadawakwana. Akafunsa za mavuto, nenani kuti chidwi cha ana n'chachikulu zedi koma zipangizo n'zochepa. M'kalata yothokoza mupemphe matabuleti ena makumi awiri, zitsulo za m'mazenera, ndi kabati yokulirapo.