Ngati Khonsolo ya Birmingham Yabooka M'thumba, Ine Ndine Yani?

Pali nkhani zina zoti ukawauza abale akumudzi amangokufunsa kuti, "Kodi wayamba kumwa?" Yoyamba ndi yakuti mzungu amathanso kusowa ndalama. Yachiwiri, yoposa yoyambayo, ndi yakuti mzinda wathunthu wa ku Mangalande, wachiwiri kwa London pa kuchuluka kwa anthu, ungathe kudzuka m'mawa, kupisa dzanja m'thumba n'kupeza zala zatulukira kunja. Komatu zinachitika. Pa 5 Seputembala 2023, khonsolo ya Birmingham, yomwe imayang'anira anthu oposa 1 miliyoni, inatulutsa chikalata chotchedwa Section 114 chovomera kuti ndalama zolowa zachepa kuyerekeza ndi zotuluka, ndipo kuyambira tsikulo izingolipira zokhazo zimene lamulo likuikakamiza.

Anthu ambiri anadandaula. Ine ndinadandaula nawo pakamwa, koma mumtima ndinapepukidwa. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti kushota kwangaku n'kwa ine ndekha, mwina kumudzi kuli wina amene anatsekera mwayi wanga m'nsupa. Kani osauka tilipo ambiri, ndipo mnzathu wina ali ndi chinyumba chazipilala pa Victoria Square.

Chimene chinaboola thumba la khonsoloyo n'chodziwika. Kwa zaka zambiri amayi ophika m'masukulu, oyeretsa ndi osamalira okalamba ankalandira zochepa poyerekeza ndi abambo a ntchito za mulingo womwewo, monga otola zinyalala, omwe ankapatsidwa mabonasi. Amayiwo anapita kukhoti n'kuwina, ndipo pofika 2023 ngongole yotsala inkayerekezedwa kuti ingafike mapaundi 760 miliyoni. Ngongole ya mayi siiwalika. Funsani ine amene ndinabwereka kandalama ka minibasi kwa mayi akunyumba tisanakwatirane, mpaka lero kamatchulidwabe tikasemphana mawu. Kuwonjezera apo, khonsoloyo inagula makompyuta atsopano owerengera ndalama, omwe amayenera kudya mapaundi 19 miliyoni, koma mtengo n'kukwera mpaka cha m'ma 100 miliyoni. Makina ogulidwa kuti aziwerenga ndalama anayamba ndi kudya zoti aziwerengazo.

Chaka chimodzi chokha izi zisanachitike tinali pachikondwerero. Mu 2022 mzinda uno unalandira masewera a Commonwealth, ife Amalawi n'kukasasa mawu pochemerera ma Queens. Alendo atapita, tinatsala ndi chinkhunzi chachitsulo chija anachitcha Ozzy n'kuchiimika mu siteshoni ya New Street. Ine ndinakajambulitsa pafupi nacho nditavala suti ya ukwati, chithunzi n'kuchiika pa WhatsApp. Palibe chimene chandisaukitsa kuposa chithunzi chimenecho. Malume atachiona anaimba foni pompo: "Mphwanga, munthu woima ndi ng'ombe yotere sangalephere matumba anayi a feteleza."

Tsono akuluakulu akaswa mbale, amalipira ndani? Msonkho wa nyumba wopita kukhonsolo unakwera ndi pafupifupi 10 peresenti mu 2024, n'kukweranso ndi pafupifupi 7.5 peresenti mu 2025, uku magetsi a mumsewu akuwachepetsa mphamvu kuti apulumutseko ndalama. Kulipira zambiri kuti uziyenda mumdima: kwa ife amene tinakulira ku Ndirande izi si zachilendo.

Koma khonsolo inangobwera pambuyo, ife tinali titayamba kale. Nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu Febuluwale 2022 mtengo wa gasi unauluka, ndipo pofika Okutobala chaka chomwecho mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 11.1 peresenti pa chaka, zomwe zinali zisanaonekepo kwa zaka 41. Mu Malichi 2023 zakudya zokha zinali zitakwera ndi 19 peresenti. Ndikudziwa kuti wowerenga wa ku Chinsapo akuseka, akuti 11 peresenti ndi nkhaninso? Kwathu imeneyo timamwera phala. Zoona m'bale, koma kwanuko dzuwa ndi laulere. Kuno kutentha timagula.

M'nyumba mwathu muli kachipangizo kosonyeza ndalama zimene magetsi ndi gasi zadya pa tsikulo. Timakaika pamwamba pa firiji, ndipo kali ndi owonerera ambiri kuposa TV. Ukangoyatsa ketulo kagetsi kake kamachoka pobiriwira kuthamangira pofiira, ndipo nthawi yomweyo mawu amatuluka kuchipinda: "Abambo, tiyi wachiwiriyo ndi wa chiyani?" Nyemba zouma, zija zimalira maola pamoto, zinasanduka mlandu wofunika kukhalirana pansi banja lonse. Ziyambe zagona m'madzi usiku wonse, ndiponso ziphikidwe zambiri zoti tidye mpaka Lachinayi. Hita imayaka kukabwera alendo, ndipo alendowo akangoti "tapita," ine ndimayamba ndathamangira kukazimitsa, kuwaperekeza pambuyo. Ana akati kukuzizira timawauza kuti awonjezere juzi, ndimo mmene ana amalimbira.

M'nyengo yachisanu ndinasanduka munthu wokonda mabuku. Ku Library of Birmingham, pa Centenary Square, kumatentha bwino ndipo pakhomo salipiritsa. Ndimasankha chibuku chachikulu ndi mpando wofewa. Odutsa amandiyesa pulofesa, chonsecho tsamba ndi lomwe lija ndinatsegula pofika.

Luso langa lenileni lili pa masitika achikasu. Madzulo masitolo akuluakulu amatsitsa mtengo wa zakudya zotsala pang'ono kutha masiku, ndipo pamakhala kamnyamata koyenda ndi kamakina komatira masitikawo. Kamnyamata kameneka ndimakadziwa mayendedwe ake kuposa a mwana wanga. Kakalowera kunyama, ine ndimaima chapatali ndi chitini cha matimati m'manja, kumawerenga zolembedwa kumbuyo mwachidwi, diso limodzi lili pa nkhuku. Tsiku lina sitika itangomatidwa ndinatambasula dzanja, ndipo linakumana ndi dzanja lina lakuda, lovala wotchi yonyezimira. Kukweza maso, ndi mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi, yemwe Lamulungu lapitalo anachitira umboni za mmene makomo amutsegukira.

"Akulu ampingo, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino achimwene, kaya inu? Ndimangodutsa, ndimati ndione ngati mitengo yasintha."

"Inenso ndimangoona."

Tikuyankhula chonchi, nkhukuyo palibe waitaya. Potsiriza ulemu unatigwira, tonse tinaisiya, uyu akuti "tengani ndinu," uyu akuti "ayi, tengani ndinu." Tili mkati mopatsana ulemu, gogo wina wachizungu anadutsitsa mkono pakati pathu n'kuiponya m'basiketi mwake. Usiku umenewo kunyumba kwathu kunali nyemba, ndipo ndikukhulupirira kuti kwa akulu ampingo kunalinso nyemba.

Za ntchito ndiye musanene. Ine ndimanyamula makatoni m'nyumba ina yosungiramo katundu cha ku Black Country, kudzera mwa kampani yopezera anthu maganyu, pa mgwirizano umene sulonjeza ngakhale ola limodzi. Tsogolo langa limabwera pa foni madzulo alionse: "bwerani mawa" kapena "tikuuzani." Kale ndinkachita nazo manyazi, mpaka pamene Liz Truss anakhala nduna yaikulu masiku 49 okha mu 2022, bajeti yake itasokoneza misika ya ndalama. Nyuzipepala ya Daily Star inaika mutu wa letesi pa kamera kuti tione ayambe kufota ndani pakati pa mayiyo ndi letesiyo, letesi n'kupambana. Kuyambira pamenepo ndimayenda mutu uli m'mwamba, poti ganyu ndi wa tonse.

Mu Ogasiti 2023 masitolo a Wilko anagwa, anthu pafupifupi 12,500 n'kutsala manja ali m'khosi. Kumapeto kwa Ogasiti 2025 mbava za pa intaneti zinalowerera makompyuta a Jaguar Land Rover, mafakitale a ku Solihull ndi Wolverhampton n'kuima kwa mwezi ndi kuposerapo, ndipo makampani ang'onoang'ono opanga tizipangizo ta galimotozo anayamba kubweza antchito kunyumba. Chigawo chino chimadyera galimoto. Fakitale yaikulu ikatseka geti, woyendetsa lole, wometa ndi mayi wogulitsa tiyi pakona onse amaimva m'mimba. Neba wanga, mdala wachizungu amene anagwira ntchito ku fakitale ya galimoto ya ku Longbridge mpaka kampani ya MG Rover inagwa mu Epulo 2005 n'kusiya anthu pafupifupi 6,000 pamsewu, amangopukusa mutu. Akuti nthawi imeneyo anawauza kuti apeza ntchito zina, ndipo anazipezadi, koma za malipiro otsika, mwakuti sanabwererenso mwakale.

Yomwe inandipweteka mtima ndi ya Poundland. Kampani imeneyi, ya masitolo mazanamazana ndi likulu lake ku Walsall konkuno, inagulitsidwa mu Juni 2025 pa mtengo wa paundi imodzi. Imodzi! Ndalama imeneyo ndinali nayo m'thumba la jekete, ija ndimasungira kutsegulira trolley. Onse amene amati ine sindisunga ndalama adziwe kuti chuma chogulira kampani ndinali nacho, kungoti palibe anandiimbira foni. Mayi akunyumba anati zinakhala bwino, chifukwa ogulawo anaitenga ndi mavuto ake omwe, "ndipo inu abambo ngongole muli nazo kale zokukwanani."

Kunena zoona, banja lino likuyendera msana wa mayiwa. Amasamalira okalamba usiku wonse, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza, pa malipiro osatalikirana kwenikweni ndi otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma, omwe mu Epulo 2025 anafika mapaundi 12.21 pa ola. Ine umutu wa banja ndinatsala nawo podalitsa chakudya basi. Mwana wa achemwali amene amalota zobwera kudzagwira ntchito yomweyi wachedwa, chifukwa mu Julayi 2025 boma linatseka khomo lolembera osamalira okalamba kuchokera kunja.

Nanga zosunga? Bank of England inakweza chiwongola dzanja kuchoka pa 0.1 peresenti kumapeto kwa 2021 kufika pa 5.25 peresenti mu Ogasiti 2023. Akatswiri anati ndi nkhani yabwino kwa osunga ndalama kubanki. Ndinawerengera 5.25 peresenti ya zimene zinali mu akaunti mwanga, sizinakwane ngakhale bokosi la machesi. Koma chiwongola dzanjacho chinandipezabe podzera khomo lakumbuyo: ngongole ya nyumba ya landilodi inakwera, iye n'kuikankhira pa lendi yanga. Motero ndikuthandiza mokhulupirika kubweza ngongole ya nyumba imene sidzakhala yanga.

Banki yathu yeniyeni ndi chipereganyu cha pa WhatsApp, cha mabanja angapo a ku Handsworth, Smethwick ndi West Bromwich. Kale wolandira ankakamba zogula puloti. Lero wolandira amangolipira gasi n'kukhala chete. Mwezi wanga ukayandikira ndimapereka moni kwa aliyense m'gulumo m'mawa ndi madzulo, kuopa kuti wina angadwale matenda aja osaona mauthenga.

Ndikumanganso nyumba ku Chileka, imene inafika pa windo kalekale n'kuganiza zopumira pomwepo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndinavina m'khitchini, poti paundi yanga inali itanenepa usiku umodzi. Chimwemwecho sichinachedwe. Simenti inakwera, malata anakwera, mmisiri anakwera, ndi mndandanda wa malume womwe. Mlamu amene amayang'anira ntchitoyo amanditumizira zithunzi mwezi ndi mwezi, khoma lomwe lija koma akulijambula kuchokera kumbali zosiyana. Sindidandaula kwambiri, chifukwa nyumba yangayi ili ngati njanji ya HS2. Nayonso inayamba ndi malonjezo okafika ku Manchester, mu Okutobala 2023 nduna yaikulu ya nthawiyo, Rishi Sunak, n'kudula gawo la kumpoto kwa Birmingham, ndipo siteshoni ya pa Curzon Street akuimangabe. Tiona ayambe kufolera ndani.

Okhawo amene zawayendera ndi makoswe. Otola zinyalala a bungwe la Unite atayamba sitalaka yosalekeza pa 11 Malichi 2025 pokanganirana za malipiro, pofika kumapeto kwa mweziwo m'misewu munali matani 17,000 a zinyalala, khonsolo mpaka kulengeza kuti zinthu zafika pa ngozi. Makoswe ananenepa moti amphaka anayamba kuwapatukira njira. Ndinawatumizira malume kanema wa milu ya matumba akuda kuti aone okha mmene tikukhalira. Yankho linabwera msanga: "Anthu otaya zinyalala zambiri chonchi ndiye kuti akudya bwino. Feteleza uja usaiwale."

Pali pena pamene nthabwala imathera. M'chaka cha 2023/24 malo ogawira chakudya a Trussell Trust anapereka maphukusi oposa 3 miliyoni m'dziko lino, ndipo pamzerepo pamaima ndi anthu oti ali pantchito. Mwana wanga wamkulu ananena tsiku lina, osaseka, kuti iye nyumba sadzagula, ndiye palibe chosungira ndalama. Ndinafuna kumukalipira, koma nditakumbukira lendi ndinangomuwonjezera ndiwo.

Komabe ukaipa dziwa nyimbo. Ife amene tinazolowera kugona pamzere wa mafuta ndi kuthamangira shuga tili ndi digiri ya mavuto, ndipo kuno yayamba kugwira ntchito. Neba wanga uja ndinamuphunzitsa kugula thumba lalikulu la mpunga pa Soho Road n'kugawana, ndipo kuseri kwa nyumba yake, pamene panali maluwa, lero pali mpiru ndi maungu. Wapempha kulowa chipereganyu, koma komiti ikumufufuzabe.

Tsono abale anga a ku Malawi, mukaona uthenga wanu wawerengedwa koma yankho kulibe, musati mwana uja wayamba kunyada. Ndili m'sitolo, ndikulondola kamnyamata. Ndipo inu amene mukufuna kugulitsa munda kuti mupeze tikiti ya ndege, kumbukirani kuti walira mvula walira matope. Kubwera bwerani, ndi majuzi awiri ndi kaufa pang'ono, koma mundawo musagulitse. Umphawi musavutike kunyamula, kuno uliko wotikwanira tonse.