Eyakoni ya abwana ikulira, aneba ali maso

Okutobala akafika ku Salima dzuwa limasiya nthabwala. Isanakwane 9 koloko m'mawa malata ayamba kale kuthetheka, anyamata a kabaza pa Kamuzu Road malaya anyowa kumsana, ndipo usiku mabanja amatulutsa mphasa pakhonde kukapereka magazi kwa udzudzu mwaufulu. Mwera uja umatsekera asodzi kumtunda m'miyezi yozizira wapita, mvula ikadali kutali. Apa m'pamene munthu amene wapeza kangachepe amati basi zakwana, n'kukatenga eyakoni.

Kuchokera m'tauni mpaka ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, timabokosi toyera tamera pazipupa: m'maloji, m'maofesi, m'nyumba za kumpanda, ngakhalenso pa nyumba zina zimene bafa lake likadali la udzu kuseri. Mmisiri wodziwa ntchito amalangiza kuti bokosi lakunja liikidwe pamthunzi, popita mphepo, kutali ndi pogona anthu. Abwana amamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu, kenako amaloza chipupa choyang'ana kumsewu. Chinthu cha ndalama zonsezi chikabisike kuseri kuti akachione ndani, nkhuku? Chipupa chakumsewu chikakanika, chotsatira ndi chija chayang'anizana ndi windo la kuchipinda kwa aneba.

Wogulitsa sanena, koma eyakoni sipanga kuzizira. Ntchito yake ndi kusamutsa kutentha. Bokosi lam'nyumba lili ndi timapaipi tozizira ndi fani yokoka mpweya wa m'chipinda. Gasi woyenda m'timapaipimo amayamwa kutenthako, kompulesa imene ili m'bokosi lakunja imamupanikiza, ndipo fani yachiwiri imauzira kutenthako panja. Ndiye kuti thukuta limene abwana akanatuluka usiku umenewo silinathere m'malere ayi. Alitumiza kwa aneba kudzera pawindo, ndi phokoso lomwe la basera.

Anebawo ndi anthu oleredwa bwino. Sangapite pageti kukanena kuti makina anu akutisowetsa tulo, poopa kuti mawa zidzamveka kumsika kuti ali ndi kaduka. Amadikira m'mawa, maso ali psuu, n'kupereka moni wathunthu.

"Mwadzuka bwanji abwana? Ana adzuka? Koma makina anu aja ndi amphamvu ndithu. Usiku wonse osapuma!"

"Eetu achimwene, ndi ya ku Joni imeneyo. Sizopezekapezeka kuno."

Dandaulo lapita, lalandiridwa monga chiyamikiro, ndipo onse awiri asiyana akumwetulira. Madzulo abwana awonjezera mphamvu kuti anthu amvetsetse.

Chonsecho eyakoni yabwinobwino siyenera kumveka kutsidya kwa msewu. Imang'ung'udza pang'ono, fani imapemerera, basi. Ikayamba kulira ndiye kuti penapake pavuta, ndipo kaliridwe kake kamaulula povutapo.

Kulira kofala kwambiri ndi kwa gwedegwede, kumene ana a m'dera amafunsa nako ngati kumpanda kwatsegulidwa chigayo. Nthawi zambiri vuto silikhala m'makina koma pamene akhazikidwa. Bokosi lakunja limanjenjemera mwachibadwa chifukwa kompulesa ndi injini, n'chifukwa chake pansi pa miyendo yake pamayenera kukhala timphira toletsa kunjenjemerako kulowa m'chipupa. Timphirato woika makinawo amatiiwala m'thumba mwake. Mabulaketi ndi owotcherera pamsika, wina wamtali wina wamfupi, ndipo mabawuti akhomedwa m'njerwa zomangira dothi zimene pulasitala wangozibisa manyazi. Pakapita miyezi ingapo mabawuti amasuka, chipupa chiyamba kuvina, malata apadenga n'kupolokoza. Mankhwala a pakhomo amadziwika: mnyamata wantchito amatumidwa kukasanjika njerwa pamwamba pa bokosi. Njerwa imodzi ikalephera amawonjezera yachiwiri, mpaka pabokosipo pamakhala poyambira kumanga khitchini. Chikhalirecho sipanala imodzi ndi zidutswa zinayi za mphira wa tayala lakutha zikanathetsa nkhani yonse tiyi asanazizire.

Kunyanja kulinso alendo amene anthu a ku Area 47 ku Lilongwe sawadziwa. Nkhungu zikanyamuka panyanja, mtambo wake wakuda uja ukuoneka patali, zimathamangira pamene pali kuwala. Ndipo babu la chitetezo abwana analiika kuti? Pamwamba penipeni pa eyakoni, kuti odutsa usiku nawonso aione. Fani imakoka tizilomboto n'kutipanikiza pa timapepala tachitsulo topyapyala takumbuyo kwa bokosi, fumbi ndi mchenga n'kumatirira pamwamba. Mpweya ukasowa podutsa, kutentha kumakanirira momwemo, kompulesa imabuula mokoka, ndipo mayunitsi pamita amatsika munthu akuona. Anthu ena a m'mbali mwa nyanja nkhungu amaziwomba, kuziumba n'kukhala ndiwo yabwino. Za pa eyakoni zokha n'zimene zimaumbidwa ndi magetsi ogula koma osadyedwa ndi aliyense.

Masamba a mango, timitengo ndi majumbo ouluzika nazo zimalowa m'khola la fani n'kumamenyedwa phaphapha usiku wonse. Nalimata ndi abuluzi amakonda kufunda m'kabokosi ka mawaya, ndipo wina akaponda posayenera mapeto ake amakhala amodzi kwa iye ndi makina omwe.

Palinso kulira kochititsa chisoni: bokosi limangoti hmmm, fani osazungulira kapena kompulesa osadzuka, kenako thi, zii, patapita kanthawi layambiranso. Apa kawirikawiri wolakwa ndi kapasita, kachitini kamene kamakankha injini kuti iyambe kuzungulira. Kakafooka injini imangokoka moto ili chiimire, ikutentha. Magetsi ofooka amachitanso chimodzimodzi. Makinawa anapangidwira mavoti pafupifupi 230, ndipo mphamvu ikatsika madzulo, pamene aliyense wayatsa mbaula ndi wailesi yakanema, kaswitchi kam'kati kamayamba kugogoda kakakaka, kosadziwa ngati katseke kapena katsegule. Magetsi akathima n'kubweranso nthawi yomweyo, kompulesa imafuna mphindi ngati zitatu kuti gasi akhazikike isanayambenso. Makina ambiri atsopano amadikira okha. Abwana sadikira. Amatosa rimoti kasanu, kuimenya pachikhatho, kutulutsa mabatire n'kuwaluma, kenako kukalipira mwana amene anaigwira dzana.

Chaka cha 2022 sichidzaiwalika pa nkhani imeneyi. Mu Januwale namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthima kwa magetsi kunakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku mpaka makina a kumeneko atayambanso kugwira ntchito mu 2023. Amene anali ndi ndalama anagula majenereta, ambiri mwa iwo aang'ono osakwanira kudzutsa kompulesa. Eyakoni ikati iyambe, jenereta imatsamwa, mababu amaphethira, ndiye ziwirizo zimalandizana nyimbo mpaka tambala woyamba. Aneba amene kale ankati magetsi akathima tigonako anataya ngakhale chitonthozo chimenecho. Kuseketsa kwake, boma lomweli la Salima ndi limene lili ndi munda waukulu wa magetsi a dzuwa, wa mamegawati 60, umene unatsegulidwa mu 2021. Dzuwa lowotcha anthu masana ndi lomwelo likudyetsa maeyakoni awo, kungoti likalowa nalonso limaweruka.

Tsopano pakubwera munthu wofunika kwambiri m'sewero lonseli, mmisiri woyendayenda. Amafika pa njinga yamoto, botolo la gasi lili kumbuyo, ndipo matenda amawadziwa asanatsike.

"Gasi watha, bwana."

Bokosi likugwedera? Gasi watha. M'fani mwalowa jumbo? Gasi watha. Mawuwa abwana amawakonda chifukwa amamveka a ndalama, oyenera munthu wa msinkhu wawo. Kuwauza kuti makina anu angoda, akufuna madzi ndi kabulashi, n'chipongwe. Koma gasi wa mu eyakoni sapsa ndipo satha ndi ntchito. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka chaka ndi chaka. Akachepa ndiye kuti pena pabooka, makamaka polumikizira mapaipi a kopa, ndipo pobookapo nthawi zina pamamveka tsiii, kapena pamaoneka timafuta tonyowetsa fumbi. Mmisiri woona mtima amafufuza pobooka ndi thovu la sopo, kutseka, kenako n'kuthira gasi. Winayu amangothira n'kulandira zake, podziwa kuti pakatha miyezi iwiri foni ilira. Pofika Khrisimasi amakhala atasanduka wachibale, ana akumutcha ankolo, mbale yake ya nsima ikudziwika.

Nawo magasiwo si amodzi. Makina akale, kuphatikizapo ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene amabwera pamwamba pa katundu wa ku Joni, amayendera R22, amene mayiko anagwirizana kumusiya pansi pa pangano la Montreal la 1987 chifukwa amaononga mpweya wotiteteza ku ukali wa dzuwa. Mayiko ngati Malawi ali ndi malire a chaka cha 2030. Makina atsopano amayendera R410A kapena R32, ndipo chimene chikufunika chinalembedwa pakapepala kam'mbali mwa bokosi. Kuthira mtundu wina m'malo mwa unzake n'kupha kompulesa, ngakhale mmisiri atalumbira kuti gasi ndi gasi basi.

M'nyumbamo namo muli zake. Kumbuyo kwa chitseko cha bokosi lam'kati kuli sefa yogwira fumbi, imene eni nyumba ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo. Ikatsekeka mpweya umalowa moliza likhweru, timapaipi timazizira mopitirira mpaka kuundana, ndipo madzi oundanawo akasungunuka amayenderera pachipupa n'kudonthera pa sofa ya alendo. Adona amaikapo beseni, mutu wa nkhani watha. Kapaipi kotayira madzi kakatsekeka ndi ndere kamalira khulukhulu. Pomwe kuthetheka kwa apo ndi apo, kuja kumamveka makina akangoyatsidwa kapena kuzimitsidwa, si matenda konse: ndi pulasitiki imene ikufutukuka ndi kukhwinyata chifukwa cha kusintha kwa kutentha. Koma kawauzeni zimenezo azakhali ochokera kumudzi amene agonekedwa m'chipinda cha alendo pofuna kuwalemekeza. Pakati pa usiku chinthu chikuti the, the pamwamba pa mutu wawo, kanyali kobiriwira kakuwayang'ana. M'mawa amapezeka pakhonde ndi mphasa yawo, Baibulo lili pambali, akufunsa mwaulemu kuti minibasi yoyamba imanyamuka nthawi yanji.

Loweruka ndi Lamlungu ndi masiku a anthu a ku Lilongwe. Amatsika ndi msewu wa M14 kudzapuma kunyanja, kapena kudzachita msonkhano umene ukanatheka bwinobwino mu ofesi yawo yomwe. Akangolowa m'chipinda, chikwama chisanafike pansi, rimoti ili kale pa 16. Kenako amatsegula chitseko chakukhonde kuti aziona nyanja, n'kuitanitsa bulangeti lachiwiri. Nambala ya parimoti si giya ya galimoto. Imangouza makina poti akalekere, ndipo 16 m'chipinda chotsegula cha ku Senga Bay mu Novembala safikika, choncho kompulesa imagwira ntchito osapuma mpaka kusasa mawu. Pa 24 kapena 25, chitseko chili chotseka, munthu amagona bwino ndipo makina amapumako. M'mawa mlendo amapita kukadandaula za phokoso, ndipo wolandira alendo, amene anaphunzira ntchito yake bwino, amayankha nkhope ili gwa: "Pepani bwana, amenewo ndi mafunde. Nyanja inavuta usiku." Walira mvula walira matope, koma mlendo wolipira sauzidwa zimenezo.

Willis Carrier, amene anakonza makina oyamba a mtundu umenewu, oikidwa ku Brooklyn mu 1902, sankaganiza za tulo ta munthu n'komwe. Ankafuna kuchepetsa chinyezi m'nyumba yosindikizira kuti mapepala asamafufume ndi kusokoneza inki. Zoti tsiku lina makina ake adzakhala chizindikiro choti mwana wa uje zake zinayera, sakanazilota.

Pa anthu onse a pakhomo, katswiri weniweni wa maliridwe ndi mlonda. Iye ndi amene amakhala pafupi ndi bokosilo kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha. Amadziwa tsiku limene gwedegwede anayamba, amadziwa kuti sabata yatha kunawonjezereka kakulira kosongoka ka kwiii, kamene ndi mabering'i a fani akutha. Ananenapo kamodzi, anayankhidwa kuti analembedwa ntchito yolondera osati ya uinjiniya, ndiye anatseka pakamwa. Tsopano phokosolo limamuthandiza, chifukwa nkonono wake sufika kuchipinda kwa abwana. Mapazi a wakuba nawonso safika.

Nthabwala zimathera pa kulira kwa mtundu umodzi. Kompulesa ikayamba kugunda chitsulo pa chitsulo m'kati mwake, kapena kukuwa mosongoka kwambiri, kapena pakamveka fungo la waya wopsa, makinawo azimitsidwe pa switchi yapachipupa nthawi yomweyo ndipo aitanidwe mmisiri wophunzira. Mnyamata wantchito asatumidwe kukatsegula kabokosi ka mawaya, chifukwa kapasita imasunga moto ngakhale magetsi atazimitsidwa. Zimene pakhomo angachite okha n'zochepa koma n'zimene zimaletsa mavuto ambiri: kutsuka sefa ndi madzi kamodzi kapena kawiri pamwezi nyengo yafumbi, kuchotsa nkhungu ndi masamba kubokosi lakunja makina atazimitsidwa, ndi kusamutsa babu lija.

Ndiye inu abwana a kumpanda, usiku uno mukayatsa makina anuwo, musathamangire kulowa m'bulangeti. Valani patapata, muzungulire kuseri, mukaime pawindo la aneba mphindi zisanu zokha. Mukabwerako funsani mlonda kuti zinayamba liti, ndipo mawa mugule sipanala.